Thirakitala siibereka oyilo

Abale anga a pa tsamba lino, ndakhala chete pafupifupi masabata awiri. Ena mwandilembera ku inbox kufunsa ngati ndagonekedwa m'chipatala. Ayi ndithu, ine ndili gwa. Amene anadwala ndi Agogo. Otsatira akale mukuwadziwa Agogo: thirakitala yanga ija, Massey Ferguson 290 ya m'ma 1980, yomwe ndinagula kwa munthu mu 2017. Utoto wofiira unasuluka, kawotchi kowerengera maola kanafa ndisanaigule, koma injini yake ya Perkins ikalira m'mawa mudzi wonse umadziwa kuti kwacha.

Khalani pansi, nkhaniyi ndi yaitali. Ndipo ndineneretu, wolakwa m'nkhani muno ndine.

Kuno kwathu ku Mchinji, Okutobala ndi mwezi wa ndalama kwa mwini thirakitala, komanso ndi mwezi wa ngongole. Anthu amalipiriratu. Munthu wagulitsa soya wake kapena mtedza, akubwera ndalama ili m'manja: "Bwana, mundilembe, maekala awiri, musandiiwale." Chaka chino m'kope mwanga munali mayina 14. Ndalama zawozo ndinali nditagulira kale dizilo, zina zitapita ku fizi ya ana. Ndiye thirakitala ikaima, saima ndine ndekha. Aima mabanja 14.

Mavuto anabwera awiri pa kamodzi. Loyamba linali looneka. M'mawa uliwonse pansi pa injini pamakhala ponyowa, fungo la dizilo lili guu. Inu mukudziwa mmene dizilo amapezekera kuno, nthawi zina munthu umachita kugona pa mzere. Ndiye kumuona akumwedwa ndi dothi, mtima umawawa. Ndinatenga mphira ya chubu cha njinga n'kumanga pa payipi yomwe ndinkaiganizira. Masiku awiri mphira ija yafewa, chifukwa dizilo amaidya. Ndikumanganso ina.

Lachiwiri linali siteringi. Dalaivala wanga, mnyamata wofatsa wa mudzi woyandikana nawo, anandiuza katatu konse: "Bwana, siteringi ikulimba, ndipo ikulira." Zoonadi, ukamakhota imalira ngwiii, kenako n'kumabwera modukizadukiza, kufewa, kulimba, kufewanso. Ndikatsegula kathanki ka oyilo wa siteringi ndikupeza watsika, pamwamba pali thovu ngati thobwa lowira. Ndikuthira wina, siteringi yafewa. Patapita masiku atatu watsikanso. Ndikuyang'ana pansi, palibe ndi dontho lomwe. Mumtima ndimvekere, chosadontha pansi sichinditayitsa ndalama, tiyeni tithane ndi dizilo kaye.

Lachitatu lina thirakitala inanyamula njerwa pa ngolo. Pali potsetsereka pena popita ku kamlatho ka kudambo, msewu umakhota pomwepo. Pa konapo siteringi inangoti gwa. Kutsogolo kukubwera wakabaza atanyamula mayi, mayiyo mwana ali kumbuyo. Dalaivala anaponda mabuleki, ngolo yolemera ikumukankha, mpaka tayala la kutsogolo linakalowa mu ngalande. Wakabaza anadutsa chapafupi kwambiri moti akanatha kugwira nyale ya thirakitala ndi dzanja. Palibe anavulala, Mulungu ndi wamkulu.

Madzulo ake mnyamata uja anabwera pakhomo, n'kukhala pansi, n'kuika kiyi pa mkeka.

"Bwana, ine ndili ndi ana awiri. Ndisanaphe mwana wa eni ake, kiyi wanu ndi uyu. Mukaikonza mundiitana."

Ndinasowa choyankha. Munthuyu anali atandiuza katatu.

M'mawa mwake madokotala anachuluka. Pa bawo paja pa trading centre aliyense ndi makaniko. Wina akuti pampu ya siteringi yatha, gula yatsopano. Wina akuti injector pump ipite ku Lilongwe akaiphwasule yonse. Wina akuti gulitsa chikhalirecho ugule ng'ombe zolima. Ndinaimba mafoni awiri kufunsa mitengo ya mapampuwo. Nditamva, ndinayamba kuwerenga ng'ombe zanga m'khola kuti ipite iti.

Mayi a kunyumba anandiona ndikuzungulira khola.

"Abambo, musanagulitse ng'ombe, bwanji osakawatenga amalume anu?"

Ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma manyazi. Amalume anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ya fodya ku Kasungu, kuyendetsa ndi kukonza mathirakitala a mtundu womwewu. Pano maso akuwavuta, amayenda ndi ndodo. Nditangogula thirakitalayi anandipatsa malangizo ambiri, ine n'kumangoti inde inde, m'mutu muli ndalama. Komabe ndinapita kukawatenga pa njinga yamoto.

Atafika sanagwire sipanala. Anaizungulira kamodzi, n'kupempha mpando pansi pa mango.

"Mphwanga, kuchipatala munthu amamuyeza atavala jasi? Injini yonseyi ndi matope ndi oyilo wa zaka zisanu. Uona chiyani? Tsukani."

Tinatsuka, injini itazizira. Anatichenjeza kuti madzi ozizira sathira pa injector pump yotentha, komanso madzi asalowe kolowera mpweya. Parafini, burashi, sopo wa ufa, mpaka manambala a pa injini omwe sindinawaonepo anayamba kuoneka. Tinaisiya padzuwa iume. Kenako amalume anaitana mayi a kunyumba: "Apongozi, tandipatsaniko ufa woyera pang'ono m'mbale." Ine ndimayesa njala. Ayi. Anandiuza ndiwaze ufawo polumikizana mapayipi ponse, kuyambira pa thanki mpaka pa ma injector, ndi pa mapayipi a siteringi omwe.

Uku ndikuwaza, iwo akundiyendetsa njira ya dizilo, yomwe inenso ndikufuna muidziwe. Dizilo amachoka mu thanki kudzera pa kampopi ka pansi pake. Amakokedwa ndi kapampu kakang'ono ka pambali pa injini, kotchedwa lift pump, kamene kali ndi kachogwirira kopopera ndi chala. Kameneko kamamukankhira ku mafyuluta. Akasefedwa amalowa mu injector pump, yomwe imamutumiza mwamphamvu kwambiri m'mapayipi anayi achitsulo kupita ku ma injector. Wotsala amabwerera kudzera m'kapayipi kakang'ono kodutsa pamwamba pa ma injector. "Ukamafufuza," anatero, "yamba kumtunda. Dizilo amayenda pa chitsulo. Pomwe akugwera pansi si pomwe watulukira."

Tinaliza injini mphindi zochepa n'kuzimitsa. Ufa unatiuza zonse. Pomwe pakutuluka dizilo ufa umada n'kumata, pena ponse uli mbee. Malo anapezeka atatu, ndipo payipi yomwe ndinkaimanga ndi mphira ija inalibe mlandu, inkangolandira zochokera pamwamba.

Poyamba panali pa bawuti wobowola pakati uja, wotchedwa banjo, pamutu pa fyuluta. Amakhala ndi mawasha awiri a kopa, ina pamwamba ina pansi. Anga anali ataphwatalala chifukwa chomangidwa ndi kumasulidwa kambirimbiri. Ine ndikaona kunyowa ndinkangowonjezera kumanga. Amalume akuti kumeneko ndiye kuthyola bawuti kapena kuwononga mazinga a mutu wa fyuluta. Washa wa kopa akauma amalimba, sagwiranso. Njira yabwino ndi kugula atsopano, ndi otchipa. Koma poti tinali kumudzi, anandiuza ndiwaike pa makala mpaka afiire, ndiwasiye azizire, ndiwapukute bwino. Kopa akapsa choncho amafewanso. Tinabwezera, panauma.

Pachiwiri panali pa kapayipi kobweza dizilo kaja, kanali ndi mng'alu waung'ono ngati tsitsi pafupi ndi injector yachitatu. Kameneko kanafunika kugula.

Pachitatu panali pamwamba pa injector pump, pa kamtengo kachitsulo komwe kamazungulira ukaponda mafuta. Pamangochita chinyezi, osati kudontha. Mkati mwake muli timphira tozungulira tomwe timatha ndi ukalamba. Ine ndinali nditatenga kale sipanala, amalume anandimenya dzanja ndi ndodo.

"Pamenepo ayi. Pansi pa chivundikiro chimenecho pali kasipuling'i kokoledwa pa bowo lakelake. Ukakakola pena, injini siiyendanso mmene imayendera. Komanso kamchenga kamodzi kakalowamo, pampu yonse yapita. Mvula ikatha udzapite nayo kwa odziwa mapampu. Pakadali pano uzingopukuta ndi kuyang'anira."

Anawonjezanso china chomwe ndikupempha aliyense asunge. Injini ikulira, osafufuza kudontha ndi chala pa mapayipi achitsulo opita ku ma injector, ngakhale pa mapayipi a siteringi. Mafuta otuluka pa kabowo kakang'ono mwamphamvu chotero amatha kuboola khungu n'kulowa m'thupi. Bala limaoneka laling'ono, koma munthu amatha kuduka chala kapena dzanja. Gwiritsani katoni. Zikakuchitikirani, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, mukanene chomwe chalowa.

Apa ine ndinali nditayamba kumwetulira. Dizilo wapezeka, ng'ombe yapulumuka. Koma pa mapayipi a siteringi ufa unali woyera ponse. Pa silinda yokankha matayala, pouma. Pansi pa siteringi penipeni, pouma. Amalume anakhala chete, kenako anafunsa:

"Wati wathira oyilo wa siteringi kangati mwezi uno?"

"Kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, amalume."

"Ndiye ali kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa.

"Tasolola dipstick."

Ndinasolola, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Oyilo wa injini anali atadutsa mzere wa pamwamba ndi chala chathunthu chopingasa. Ndipo abale, ndivomere: ndinali nditaziona kale zimenezi. Ndinkanyadira. Ndinauzapo anzanga kuti Agogo ngakhale ndi okalamba sadya oyilo, chigulireni sindiwonjezera.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, ng'ombe imabereka, mbuzi imabereka. Thirakitala siibereka oyilo. Akamachepa, pali pomwe akupita. Akamachuluka, pali chomwe chikulowa. Ndipo kuchuluka ndiye koopsa."

Anafotokoza kuti pa injini ngati iyi, zolowa mu oyilo zimakhala zitatu. Madzi a mu radiator, koma amenewo amasandutsa oyilo kukhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndipo wanga anali wakuda bwinobwino. Dizilo, amene amalowa kachikopa ka mkati mwa lift pump kakang'ambika, kapena seal ya kutsogolo kwa injector pump ikatha. Dizilo amasungunula oyilo, amakhala wamadzimadzi, ndipo injini imadya zitsulo zake mpaka kugogoda. Chachitatu ndi oyilo wa siteringi. Pa thirakitala iyi pampu ya siteringi siyendera lamba ayi, imamangidwa kutsogolo kwa injini ndipo imazunguzidwa ndi magiya a mkati. Seal ya pa shafti yake ikatha, oyilo sagwera pansi, amagwera m'mimba mwa injini. Panja pouma, mkati mukudzaza.

Sanafune kulota. Ananunkhiza dipstick, n'kutikita oyilo pakati pa zala. Anadontheza dontho limodzi pa pepala la m'kope n'kuliika padzuwa. Akuti mukakhala dizilo wambiri, kuzungulira dontho lakuda kumabwera mkombero wowala wofalikira msanga. Sunaoneke kwenikweni. Komabe tinamasula lift pump, ndi manati ochepa chabe, n'kuipopa ndi dzanja mapayipi ali omangidwa. Kumbuyo kwake kunali kouma, dizilo osatuluka. Tinabwezera.

Asanalamule kuti timasule pampu ya siteringi, anati tione kaye zotchipa, chifukwa siteringi imalimbanso ndi zinthu zopanda pake. Mpweya wa matayala a kutsogolo: limodzi linali lofewa. Girizi pa ma king pin, pomwe matayala amakhotera: mbali imodzi kansonga kothirira girizi kanali kotsekeka ndi dothi, kaya kuyambira liti. Tinakweza kutsogolo ndi jeke, n'kuika zitsa zolimba pansi pa ekiselo, chifukwa jeke yekha sakhulupirika, n'kugwedeza matayala ndi manja kuona ngati pali pogwira kapena polobodoka. Tinakonza zonsezo. Kenako tinamasula pampu.

Kumbuyo kwake, mbali yolowa mu injini, kunali konyowa ndi oyilo woyera, wosiyana ndi wakuda wa injini. Mlandu unathera pomwepo. Thovu lija linali mpweya womwe pampu inkameza oyilo akatsika, ndipo kulira kuja ndi kulimba kwa pa kona kunali pampu ikupopa mpweya m'malo mwa oyilo. Fyuluta ya mkati mwa kathanki, yomwe sindinkadziwa n'komwe kuti ilipo, inali yakuda bii.

Amalume anatulutsa seal ija n'kuifinya. Inali yofufuma, yofewa ngati mbatata yophika. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Seal yokalamba imauma n'kusweka. Iyi yatupa. Unathiramo chiyani muno?"

Ndinayamba ndi kunena kuti oyilo basi. Iwo ali chete, akundiyang'anabe. Mayi a kunyumba ali chapomwepo akupeta. Ndinaulula. Mwezi wa Ogasiti, tsiku lina tikututa zotsalira kumunda, oyilo wa siteringi anatsika pang'ono ndipo m'shedi munalibe wina. Munali botolo la brake fluid wa galimoto. Ndinati zonse ndi za hayidiroliki, n'kuthira theka.

"Ndiye wapha wekha," anatero amalume, mosakweza mawu. "Brake fluid ndi mphira za oyilo ndi adani. Ndipo sanathere pa seal iyi yokha. Wayenda monse, mu silinda, mu valavu ya pansi pa siteringi. Tsuka bwino, koma usadabwe zina zikayamba kulira m'tsogolo muno."

Safunsa anadya phula, akuluakulu anatero. Foni ndinali nayo m'thumba tsiku limenelo, amalume ali moyo, mayunitsi alimo.

Kutacha ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, seal yakale, fyuluta ndi kapayipi kong'aluka zili m'jumbo. Langizo langa: osapita kukagula sipeya ndi pakamwa pokha. Nyamulani chakalecho, jambulaninso nambala ya pa pampu ndi ya pa injini. Pa shopu yoyamba anandipatsa seal yooneka ngati yomweyo, koma titaika pamodzi inali yokulirapo pang'ono, wogulitsa n'kumati imalowa ukaimenya. Ndinathokoza n'kutuluka. Pa shopu yachitatu ndinapeza paketi yonse ya ma seal a pampuyo. Ndinagulanso fyuluta ya siteringi, mafyuluta a dizilo, mawasha a kopa odzaza dzanja, oyilo wa injini ndi fyuluta yake, ndi oyilo wa siteringi amene buku la thirakitalayi limanena. Zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa pampu yatsopano imodzi. Mwayi wanga unali woti shafti inalibe mzere wodyeka ndipo magiya a pampu anali abwino. Ikanayenda yopanda oyilo masabata ena awiri, bwenzi tikunena zina.

Koma ntchito yovuta kuposa zonse sinali ya sipanala. Inali yoyenda khomo ndi khomo kwa anthu 14 aja kukanena kuti ndichedwa. Chizimalupsa chinali chitagwa kale, mitambo ikusonkhana masana aliwonse. Ena anamvetsa. Atatu anati tibwezereni ndalama tikapeze ng'ombe, ndipo ndinachita kukongola kuti ndiwabwezere. Amene sindidzawaiwala ndi mayi ena amasiye, achikulire, olera zidzukulu zinayi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ine ndinagulitsa mbuzi kuti chaka chino ndisagwire khasu, msana wakana. Ndidikira." Ndinabwerera kunyumba njira yonse ndikuganiza za theka la botolo lija.

Kumanga kunatenga tsiku limodzi, amalume ali pa mpando kulamula, dalaivala atabwera yekha osaitanidwa. Tinakhetsa oyilo yense wa injini n'kusintha fyuluta. Ku siteringi tinathira oyilo watsopano, kuyendetsa pang'ono, kukhetsa, kuthiranso, kuti zotsalira za brake fluid zichoke. Potulutsa mpweya, kutsogolo kuli m'mwamba, injini ikulira pang'onopang'ono, timapotoza siteringi mbali iyi mpaka kumapeto, mbali inayo mpaka kumapeto, kangapo, uku tikuwonjezera oyilo mpaka thovu litatha. Amalume akuti ikafika kumapeto osaikakamiza pamenepo, umangotenthetsa oyilo ndi kutopetsa pampu.

Ku dizilo nakonso kunafunika kubulida, poti tinasintha mafyuluta. Apa chenjerani ndi mphira za fyuluta: yakale ya pamwamba imakonda kutsalira mu mzere wake, munthu n'kuikapo yatsopano pamwamba pa yakale, kenako kudabwa kuti pakudontha. Tinamasula kabawuti ka pamutu pa fyuluta n'kupopa lift pump. Kachogwirira kanali kopepuka, kosapopa kanthu. Ndinati tsoka linanso. Amalume akuti zunguzani injini pang'ono, kapampuko kakhala pamsonga pa chokankhira chake. Zoonadi, kanayamba kugwira. Tinapopa mpaka dizilo wopanda thovu, kumanga, kenako tibawuti tiwiri ta pa injector pump, ka pansi poyamba, ka pamwamba pambuyo. Pomaliza tinamasula pang'ono manati a mapayipi pa ma injector awiri, kuliza sitata mpaka dizilo atayamba kulavula, manja ali kutali, n'kumanga. Agogo anatsokomola kawiri, utsi woyera, kenako analira ngati kale.

Dalaivala anakwera, anapotoza siteringi ndi dzanja limodzi, n'kundiyang'ana. Sananene kanthu, anangotenga kiyi uja n'kuika m'thumba mwake.

Munda woyamba kulima unali wa mayi amasiye aja, ngakhale m'kope anali a nambala 9. Amene anali patsogolo pawo ndinawapepesa. Tinamaliza onse 11 otsala, awiri omaliza tikulima mvula yeniyeni itagwa kale, dothi likumata ku madisiki. Atatu anapita ku ng'ombe aja sindikudziwa ngati adzabwerenso chaka chamawa, ndipo sindingawadandaule.

Mawu a amalume akwaniritsidwa kale: silinda ya siteringi yayamba kuchita chinyezi pa ndodo yake. Ma seal ake ndaitanitsa, ndipo mpaka afike thirakitala siikoka ngolo pa msewu wa kudambo. Injector pump ikudikira mvula ithe. Pano m'mawa uliwonse, tisanalize injini, timasolola dipstick, timatsegula kathanki ka siteringi, timasuzumira pansi, ndipo zomwe taona timalemba kumapeto kwa kope lomwe lija la mayina. Mphindi zisanu basi. Botolo la brake fluid ndinalichotsa m'shedi, lili m'galimoto komwe ndi kwawo.

Amalume ndinawapatsa tambala ndi thumba la feteleza. Anakana ndalama, akuti ndiwagulire magalasi a maso kuti ulendo wina adzaone okha m'malo modalira maso a munthu wothira brake fluid mu siteringi. Kunyumba kuno nkhani imeneyi sinathe, ndikangoti ndilankhule zanzeru pa chakudya, mayi a kunyumba amangofunsa kuti, "Abambo, zonse ndi za hayidiroliki eti?"

Inu amene muli ndi mathirakitala akale, kapena chigayo cha dizilo, mawa m'mawa tasololani dipstick. Mukapeza oyilo wakwera yekha, musanyadire ngati ine. Ndipo dalaivala wanu akakuuzani kanthu kamodzi, musadikire kachitatu. Mundiuze m'makomenti zomwe mwapeza. Sabata yamawa tikambirana za mbewu ya soya, ambiri mwafunsa.